Positi ituluke ngakhale foni ili kotchajitsa: mawu kwa atsikana a geni ku Chikweo

A ku Chikweo konkuno, a ku Nselema, a ku Ntaja, ndi inu mwachita kukwera kuchokera ku Liwonde ndi ku Balaka, zikomo kuti mwasiya geni yanu kwa maola angapo. Tikudziwa kuti ola lililonse mwakhala pano ndi ola lomwe simunagulitse, ndiye sitikuchedwetsani. Nanunso anzathu a m'tauni amene muwerenge mawuwa papeji, musadumphe poona dzina la Chikweo. Nkhaniyi ikukhudzanso inu a ku Ndirande, a ku Area 25, a ku Chinamwali ndi a ku Chibavi.

Funso la lero ndi limodzi. Kodi malonda anu angaoneke bwanji pa Facebook ndi pa WhatsApp pa nthawi imene inuyo simungathe kugwira foni?

Tiyeni tione tsiku la mtsikana wa geni kuno kwathu. Mmamawa ali kumjigo. Akabwera kuli phala la ana, kusesa, kumunda kapena kudimba, kenako kumsika. Mwana akatentha thupi, tsiku lonse lathera pamzere kuchipatala. Nanga foni ija ili kuti nthawi yonseyi? Ili pa sitolo ina yokhala ndi sola, ikutchajidwa, ndipo walipira. Akaitenga madzulo, netiweki yathawa, mpaka akaime pachulu chija tonse timachidziwa. Netiweki ikabwera, bandulo yatha. Kuti positi imodzi ituluke pamafunika zinthu zitatu zikumane: moto mu foni, netiweki, ndi mpata wa mwini foni. Kuno zitatuzi sizikumana tsiku lililonse, eti? Ngakhale m'tauni si kuti zili bwino. Mukukumbukira mmene magetsi ankathimira miyezi yambirimbiri namondwe wa Ana ataononga siteshoni ya Kapichira mu January 2022.

Tsono kasitomala wanu ali ndi nthawi yakeyake. Mayi wa pa ofesi ku Zomba amatsegula foni ali mu minibasi mmawa, kapena pa nkhomaliro, kapena usiku ana atagona. Ngati chithunzi cha mpunga wanu sichili pamaso pake nthawi imeneyo, agula kwa amene wamuona, ngakhale mpunga wa ameneyo uli ndi miyala.

Olangiza za malonda a pa intaneti amakonda kunena kuti muziposita tsiku lililonse, katatu patsiku. Onenawo ambiri ali ndi magetsi m'nyumba, komanso ali ndi wina wowaphikira ndi kuwachapira. Ife ntchito zapakhomo zimagwera pamutu pathu, ndipo palibe amatilipira. Ndiye mtsikana akalephera kuposita sabata yonse amayamba kudziona ngati waulesi kapena wosadziwa bizinesi. Ayi achemwali, vuto ndi la nthawi, ndipo lili ndi njira yake.

Njira yake ndi kukonzeratu mapositi. Mumasankha tsiku limodzi pasabata, pamalo pamene netiweki ndi yamphamvu, foni ili ndi moto, bandulo ilipo. Mumalemba mapositi a sabata yonse nthawi imodzi, ndipo positi iliyonse mumaipatsa tsiku ndi ola lotulukira. Mukatero mwathana nazo. Positi yokonzeratu sikhala mu foni mwanu kudikira. Imakwera n'kukasungidwa kumakompyuta a kampani ya Meta, eni ake a Facebook, Instagram ndi WhatsApp, ndipo ola lake likakwana imatuluka yokha. Foni yanu ikhoza kukhala yozima, inu muli kumaliro kapena kumadimba a mpunga, positi ituluka basi.

Tifotokoze mmene zimachitikira. Choyamba, mutsegule peji ya bizinesi pa Facebook, yosiyana ndi akaunti yanu ija mumaikapo zithunzi za chinkhoswe. Kutsegula peji ndi kwaulere. Chachiwiri, pali app yotchedwa Meta Business Suite, yomwe inayamba mu 2020 ndi dzina loti Facebook Business Suite. Nayonso ndi yaulere, ndipo imagwira pa foni ndi pa kompyuta. Mukalowa, sankhani peji yanu, yambani positi yatsopano, ikani chithunzi, lembani mawu. Mukafika pomaliza, m'malo motumiza pompopompo, sankhani polembedwa Schedule, kenako tsiku ndi nthawi. Pali gawo lina lotchedwa Planner limene limaonetsa mapositi anu onse pakalendala, ndipo m'menemo mutha kusintha mawu, kusuntha tsiku, kapena kufufutiratu. Ngati peji yanu mwailumikiza ndi Instagram, positi imodzi itha kutuluka mbali zonse ziwiri.

Chinthu chimodzi chimene chimagwetsa ambiri: musachoke pa netiweki positi isanamalize kukwera. Lowani mu Planner, muione ndi maso anu kuti ilipo pa tsiku lake, kenako muzipita. Onaninso kuti wotchi ya foni yanu ili bwino, komanso kuti simunasokoneze AM ndi PM, chifukwa positi ya 7 koloko madzulo itha kutuluka 7 koloko mmawa. Ndipo kwa inu amene makasitomala anu ndi alongo athu a ku Joni, omwe amatumiza ndalama kuti mugulire makolo awo katundu kuno, nkhani yabwino ndi yoti nthawi ya ku Johannesburg ndi ya kuno ndi imodzi chaka chonse. Simuyenera kuwerengera china chilichonse.

Tikumva ena akunong'ona kuti ife malonda athu ali pa WhatsApp. Zoona, ambiri a ife timagulitsira pa sitetasi ndi m'magulupu. Sitetasi imakhala maola 24 basi, ndipo muyenera kuiika nokha. Komabe kukonzeratu kumathandiza. Pa tsiku lanu lija, jambulani zithunzi zonse, muziike mu foda imodzi, mawu ake mulembe mu noti za mu foni, Lolemba lake, Lachiwiri lake, mpaka Loweruka. Tcherani alamu. Ikalira, ntchito yatsala ndi yokopera ndi kutumiza, mphindi imodzi yokha, ngakhale netiweki ili yofooka. Ndipo tengani WhatsApp Business, yomwe inatuluka mu 2018. M'menemo muli katalogu yoikamo katundu wanu, uthenga wolonjera munthu amene wakulemberani koyamba, uthenga womuuza kuti simuli pafupi umene mutha kuuikira maola ake, ndi mayankho osungiratu a mafunso aja amabwera tsiku lililonse: muli kuti, mumatumiza bwanji, ndilipire pa nambala iti.

Chenjezo pamenepa. Mudzamva za ma app ena, ma WhatsApp osinthidwa aja amtundu wa GB, oti amatha kuika sitetasi okha. Eni ake a WhatsApp amanena poyera kuti amatseka manambala ogwiritsa ntchito ma app amenewa. Nambala yanu ya geni ikatsekedwa, mwataya njira yolankhulira ndi makasitomala onse munawasonkhanitsa zaka ziwiri. Zisiyeni.

Tsopano, mukonzeratu chiyani? Yambani ndi kalendala ya kwathu kuno, osati ya pa intaneti. Tengani kope, mulembe chaka chonse. Mpunga watsopano umatuluka cha mu May ndi June. Nandolo ndi m'chilimwe. Mango amayamba kumapeto a chaka. Nsomba za ku Chiuta ndi matemba a ku Chilwa zili ndi nyengo yake, ndipo pali miyezi imene nyanja imatsekedwa kuti nsomba ziswane. Sukulu zimatsegulira chaka mu September, makolo amafuna yunifolomu, sopo, chiponde ndi zokazinga za ana a kogonera. Pa 15 October ndi Tsiku la Anakubala, ndipo aliyense wogulitsa zitenje amadziwa tanthauzo lake. Pali Khirisimasi, pali nyengo ya maukwati ndi zinkhoswe, pali nthawi yotuluka zinamwali pamene ana amafuna zovala zatsopano. Pali Ramadan ndi Eid, zomwe tsiku lake limasuntha chaka ndi chaka, ndiye muzifunsiratu. Ndipo mwezi uliwonse uli ndi kumapeto kwake, pamene aphunzitsi, anamwino ndi ena olandira malipiro amakhala ndi kangachepe m'thumba.

Chinsinsi chake ndi kuyamba msanga. Chitenje cha Tsiku la Anakubala chikayamba kuoneka pa 14 October, mwachedwa, chifukwa telala amafuna masiku ake, ndipo katundu wochokera kuno ayenera kukwera kabaza mpaka pamsewu wa tala wa Bakili Muluzi, kudutsa Ntaja, kufika Liwonde, kenako Zomba kapena Limbe. Nthawi ya dzinja msewu wafumbi umaonjezera tsiku lina. Werengani chobwerera mmbuyo kuchokera pa tsiku limene kasitomala akufuna katundu m'manja, ndipo mupeza tsiku loyambira kuposita.

Za ola lotulutsira positi, musamvere munthu wokuuzani kuti pali ola limodzi labwino kwa aliyense. Yesani nokha. Sabata ino ikani mapositi mmawa, sabata yamawa madzulo, kenako lowani pa gawo lotchedwa Insights muone kuti anthu angati anaona positi iliyonse. Koma choposa manambala amenewo, werengani kuti ndi angati anafunsa mtengo ndi angati analipira. Ma like sagula sopo. Ganiziraninso moyo wa makasitomala anu. Lachisanu masana ambiri kuno amakhala ku mzikiti, Lamulungu mmawa ena ali kutchalitchi. Mwezi wa Ramadan, wogulitsa zakudya za futali ayenera kuonekera masana kuti anthu aode dzuwa lisanalowe.

Tiyerekeze mtsikana wogulitsa mpunga. Loweruka wapita kumsika waukulu kumene netiweki imakoka bwino. Wakhala pansi ola limodzi, wakonza mapositi anayi. Ya Lolemba ikuonetsa mpunga wopetedwa bwino uli m'lichero, wojambulidwa panja pa dzuwa la mmawa, osati m'nyumba mwa mdima. Ya Lachitatu ikufotokoza mmene katundu amafikira: timatumiza Lachisanu lililonse ku Liwonde, Balaka ndi Zomba, maoda timatseka Lachinayi masana. Ya Lachinayi mmawa ndi yokumbutsa kuti maoda atsekedwa lero. Ya Loweruka ndi mawu a kasitomala amene wakhutira, atamupempha kaye chilolezo, dzina ndi nambala zitabisidwa. Mapositi anayi basi, koma otuluka sabata iliyonse osaphonya. Munthu akaona peji ikuyenda chotere miyezi itatu, amalimba mtima kutumiza ndalama kwa munthu amene sanamuonepo.

Positi iliyonse iyankhe mafunso anayi: ndi chiyani, ndi zingati, chili kuti, ndichite bwanji kuti ndigule. Lembani kulemera kwake, kaya 5 kg kaya 10 kg. Lembani m'chiyankhulo chimene kasitomala wanu amalankhula, Chichewa, Chiyao kapena Chingerezi. Ndipo zija zoti mtengo bwerani ku inbox zimathamangitsa anthu ambiri, makamaka amayi anzathu amene safuna kuchita manyazi pofunsa kenako n'kupeza kuti sangakwanitse.

Tsono apa mvetserani bwino, chifukwa ndi pamene pali ngozi. Positi iliyonse ndi lonjezo. Mukalemba Loweruka kuti Lachinayi mpunga ulipo pa mtengo wakuti, mwalonjeza za tsiku limene simunalione. Makina a Facebook sadziwa kuti mpunga watha Lachiwiri. Sadziwa kuti mtengo wa mafuta wakwera ndipo wakabaza wasintha mtengo. Tonse tikukumbukira kuti mu May 2022 kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti, ndipo mu November 2023 inagwetsedwanso ndi 44 peresenti. Mitengo kooda inasintha m'masiku ochepa. Taganizani mtsikana amene anakonzeratu mapositi a mwezi wathunthu, lililonse ndi mtengo wake. Akagulitsa pa mtengo wakale, mpamba wadyeka. Akakana, kasitomala ajambula positi ija n'kuiponya m'gulupu kuti uyu ndi wabodza. Dziwaninso kuti kutsatsa malonda mosocheretsa ndi nkhani imene bungwe la Competition and Fair Trading Commission limalandira madandaulo ake.

Ndiye tigawe mapositi pawiri. Pali osaola: nkhani ya komwe katundu wanu amachokera, mmene mumapetera, mmene mumasokera, masiku otumiza, mawu a makasitomala. Amenewa mutha kukonzeratu ngakhale a mwezi wonse. Ndiye pali oola msanga ngati tomato: a mtengo ndi a kuchuluka kwa katundu. Amenewa asapitirire masiku ochepa, ndipo muzilembamo malire, kuti mtengo uwu ndi wa mpaka Loweruka lino, kapena matumba atsala khumi pofika Lolemba. Katundu akatha, ntchito yoyamba mukapeza netiweki ndi kulowa mu Planner n'kuchotsa positi imene yatsala.

Ngozi yachiwiri ndi ya tsiku lachisoni. Mu March 2023 namondwe wa Freddy anapha anthu mazanamazana kuchigawo cha kummwera. Pa 10 June 2024 ndege inagwa ku Chikangawa, tinataya wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko Dr Saulos Chilima ndi anthu ena asanu ndi atatu, ndipo boma linalengeza masiku 21 a maliro. Masiku ngati amenewa positi yanthabwala yoti thamangani, mitengo yagwa, ikatuluka yokha, anthu saganiza kuti ndi makina. Amati mwini peji alibe umunthu. Chimodzimodzi maliro a m'mudzi mwanu momwe. Mukamva uthenga wotere, imitsani mapositi kaye. Ngati simungathe nokha, pakhale mnzanu wokhulupirika amene angakuimitsireni.

Ngozi yachitatu ndi kusayankha. Positi yatuluka 7 koloko madzulo, anthu asanu afunsa, inu muyankha patapita masiku atatu. Onse asanu agula kwina. Choncho ikani positi pafupi ndi nthawi imene mukudziwa kuti mugwira foni. Ngati foni imabwera kotchajitsa 5 koloko madzulo, positi ituluke 4 koloko kapena 5 koloko, muyankhe mafunso akadali otentha. Ndipo uzani anthu poyera kuti mauthenga timayankha kuyambira nthawi yakuti mpaka yakuti. Munthu amatha kudikira akadziwa kuti adikira mpaka liti. Izi zimakutetezaninso inuyo. Simuyenera kuyankha bambo wolemba 11 koloko usiku kuti akufuna mpunga koma ayambe waona chithunzi chanu. Geni ili ndi maola ake ngati sitolo.

Pamenepa tafika pa chitetezo. Kukonzeratu kuli ndi ubwino wina umene ambiri sauganizira: positi imatuluka inu mutachoka kale pamalopo. Musamaposite kuti panopa ndili panjira ya ku Liwonde ndi katundu, chifukwa mukuuza dziko lonse kuti muli nokha ndi ndalama, ndipo kunyumba kulibe munthu. Jambulani lero, chithunzi chituluke mawa. Pazithunzi pasaoneke khomo la nyumba yanu kapena yunifolomu ya sukulu ya mwana wanu. Ngati n'kotheka khalani ndi nambala ya geni yosiyana ndi yanu. Makasitomala achilendo muzikumana nawo pamsika kapena pa depoti, masana. Munthu akati watumiza ndalama pa Airtel Money kapena pa Mpamba, musakhulupirire meseji kapena chithunzi chimene wakutumizirani. Onani balansi yanu nokha katundu asanakwere. Ndipo wina akamakutukwanani, kukuopsezani kapena kukulondalondani pa intaneti, jambulani mauthengawo muwasunge. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security la 2016 limati khalidwe limeneli ndi mlandu, ndipo mutha kukadandaula kupolisi.

Pejiyo ikhale m'dzina lanu. Tikubwerezanso, m'dzina lanu. Atsikana ambiri amatsegulitsa peji kwa chibwenzi, kwa mlongo kapena kwa mnyamata wa pa sitolo yotchajitsira, ndipo pasiwedi imakhala kwa ameneyo. Tsiku lomwe mwayambana, makasitomala onse apita naye. Facebook imalola mwini peji kupatsa munthu wina mphamvu yoika mapositi popanda kumupatsa pasiwedi, ndipo mphamvuyo mutha kuilanda nthawi iliyonse. Gwiritsani ntchito njira imeneyo. Tsegulaninso chitetezo chija chofuna nambala yachinsinsi yachiwiri polowa, ndipo nambala imeneyo musapatse aliyense, ngakhale wonena kuti akuimba kuchokera ku kampani ya foni.

Nanga amene alibe foni yaikulu? Musataye mtima, ndipo inu muli nayo musanyade. Ambiri muno muli m'magulu a banki mkhonde, mumakumana kale sabata iliyonse. Onjezerani ola limodzi pamapeto. Wina abwere ndi foni yojambula bwino, wina amalemba bwino, wina amadziwa mitengo ya ku Limbe. Sonkhani bandulo imodzi, mukonze mapositi a onse pa peji ya gulu, positi iliyonse ndi nambala ya mwini katundu. Ndalama zizipita kwa mwini wake mwachindunji, kuti pasadzakhale kukayikirana. Mugwirizane kuti oyang'anira peji akhale awiri kapena atatu, osati mmodzi. Mutu umodzi susenza denga. Ndipo inu anzathu a m'tauni amene mumaoda mpunga, nsomba ndi nandolo kuno n'kukagulitsa ku Blantyre ndi ku Lilongwe, uzaniko achemwali anu a kuno kalendala ya mapositi anu. Mukalengeza mpunga wa Lachisanu musanafunse ngati wapunthidwa, amene agone usiku akupeta ndi iyeyu.

Tisanabalalike, ntchito ya sabata ino nayi. Lero lomwe, sankhani tsiku ndi malo anu okonzera mapositi, mulembe m'kope. Lembani mapositi atatu papepala musanagule bandulo, kuti data isathere poganiza. Awiri akhale osaola, imodzi ikhale ya mtengo yokhala ndi tsiku lothera. Ikani onse atatu, muwaone mu Planner. Sankhani mnzanu mmodzi muno amene mudzamuimbire kukagwa zadzidzidzi, ndipo mupatsane manambala musanatuluke pakhomo apo. Tikakumananso aliyense abwere ndi kope lake: ndi angati anafunsa, ndi angati analipira, positi iti inagwira ntchito. Amene mukuwerenga papeji, lembani m'munsimu tsiku limene mwasankha ndi katundu amene mumagulitsa, osaika nambala ya kunyumba kwanu.

Amene muli ndi mafoni tulutsani, khalani awiriawiri, wodziwa ndi wosadziwa. Tiyambe ndi kutsegula peji.